Osenza Denga Asathawe: Malamulo Atsopano a Ma Inveta a Sola

  Amisiri anzanga a zamagetsi, ndikuona ena mwabwera ndi zovala zantchito, fumbi la padenga lidakali m'mawondo, ndipo mawu anga ambiri lero apita kwa inuyo.

Patebulo apa ndaika bokosi limene aliyense akulidziwa. Imeneyi ndi inveta, chida chosandutsa magetsi a DC ochokera ku mapanelo kapena ku batire kuti akhale a AC, amene firiji ndi wailesi yakanema zimagwiritsa ntchito. Koma lero sindikamba za inveta imene ili payokha kumudzi, kopanda waya wa ESCOM. Ndikamba za inveta yolumikizidwa ku gridi, kutanthauza mawaya onse, mapolo ndi mathiransifoma ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira mpaka kufika pa mita ya pakhomo panu. Inveta yotere si ya mwini nyumba yekha ayi. Ikamachita bwino, mzere wonse umapindula. Ikalakwitsa, amavutika ndi anthu amene sanaguleko ngakhale panelo limodzi.

Mfundo zanga n'zinayi. Yoyamba, chifukwa chake lamulo lakale la ma inveta linasanduka ngozi. Yachiwiri, zimene lamulo latsopano likufuna kuti inveta izichita. Yachitatu, imene ndichedwepo kwambiri chifukwa ndi imene yandibweretsa, ndi yakuti lamulo la papepala silitchera inveta, amatchera ndi munthu. Yachinayi, zimene zikutikhudza ife kuno kwathu.

Mfundo yoyamba. Munaonapo anthu akusenza denga la nkhokwe? Amazungulira amuna khumi, aliyense kulowetsa mutu pansi pa phaso, mmodzi n'kufuula, denga n'kunyamuka. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Tsono tiyerekeze kuti pakati pa osenzawo palowa kamnyamata, akulu n'kukauza kuti, "Iwe, ukangomva denga lagwedezeka, utuluke msanga, ungatipunthwitse." Langizo limeneli n'labwino, chifukwa kamnyamatako sikasenza zambiri. Koma zaka zapita, anyamata otero achuluka mpaka theka la osenza ndi iwowo, ndipo onse akusungabe langizo lija. Tsiku limene wina adzapunthwe pa chitsa, denga n'kugwedezeka pang'ono chabe, onse adzatuluka nthawi imodzi, ndipo denga lidzaphwanya otsalawo.

Ma inveta analeredwa ndi langizo lomwelo. M'chaka cha 2003 bungwe la mainjiniya la IEEE ku America linatulutsa muyezo wotchedwa IEEE 1547, ndipo mwachidule unkauza inveta kuti isakhudze volteji ya mzere, ndipo ikaona chachilendo idzidule msanga. Chachilendocho chimaoneka pa zinthu ziwiri. China ndi volteji, imene tingaiyerekeze ndi mphamvu ya madzi m'paipi. China ndi frequency, imene ine ndimakonda kuitchula kuti ng'oma ya magetsi. Magetsi a AC amagunda ka 50 pa sekondi kuno kwathu, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Ulaya, pomwe ku America amagunda ka 60. Makina onse opanga magetsi amavina pa ng'oma imodziyo. Ogwiritsa ntchito akachuluka kuposa opanga, ng'oma imachedwa. Opanga akachuluka, imathamanga. Muyezo wa 2003 unkati ng'oma ikangopitirira 60.5, inveta ichoke pasanathe ndi theka la sekondi lomwe.

Musaganize kuti olemba lamulolo anali opanda nzeru. Anali ndi chifukwa chachikulu, ndipo chifukwacho ndinachiona ndi maso. Madzulo ena magetsi atathima dera lonse, ndinaitanidwa ku nyumba ina kumene inveta inali kulira ndi kuzimazima. Ndikulowa pageti ndinaona babu la pakhonde la nyumba yoyandikana nayo likuyaka mozilala, kenako kuzima, kenako kuyakanso. Nyumba imeneyo inalibe sola, inalibe jenereta. Amene anaika inveta ija anailumikiza ku bokosi la ma breaker popanda changeover, moti magetsi a batire anali kutuluka kudzera pa mita n'kulowa m'mawaya a mumsewu. Abale anga, thiransifoma siisankha mbali. Imene imatsitsa ma volt 11,000 kukhala 230 imathanso kukweza 230 kukhala masauzande. Pa nthawi imeneyo penapake pakanatha kukhala munthu papolo, atauzidwa kuti mzere wafa, ana ake akumudikira kunyumba. Ndinathamangira pa main switch manja akunjenjemera. Choncho lamulo loti inveta isadyetse waya wakufa linali loyenera, ndipo silinachoke. Vuto linali lakuti inveta sinkasiyanitsa waya wakufa ndi denga longogwedezeka.

Amene anayamba kuliona vutoli ndi dziko la Germany. Kumeneko lamulo linkati ng'oma ikafika 50.2, inveta ya sola idzidule nthawi yomweyo. Pamene mapanelo anali ochepa, palibe amene ankadandaula. Koma pofika kumapeto kwa 2011 dzikolo linali ndi sola ya ma megawatt pafupifupi 25,000, yambiri ili pamadenga a nyumba, makola ndi mafakitale. Mainjiniya atawerengera anapeza kuti masana a dzuwa, ng'oma itangothamanga pang'ono, sola imene ikanachoka pa kamphindi kamodzi inali yoposa kutali ma megawatt 3,000 amene gridi ya ku Ulaya imasunga pokonzekera ngozi yadzidzidzi. Mdima ukanagwira maiko angapo, osati Germany yokha. M'chaka cha 2012 boma linakhazikitsa lamulo loti malo a sola oposa 300,000 akonzedwenso. Tangoganizani: amisiri kuyenda famu ndi famu, denga ndi denga, kukasintha manambala amene akanalembedwa bwino tsiku loika lija. Kuwongola mtengo m'poyamba.

Ku California nako, pa 16 Ogasiti 2016, moto wa m'tchire wotchedwa Blue Cut unasokoneza mawaya akuluakulu. Vutolo linadulidwa msanga, koma sola ya ma megawatt pafupifupi 1,200 inachoka. Awa anali malo akuluakulu opangira magetsi, osati a padenga, ndipo moto sunawakhudze n'komwe. Ma inveta ake anangoona kugwedezeka n'kuthawa.

Mfundo yachiwiri. Kodi inveta yanzeru, imene azungu amati smart inverter, ikufunsidwa chiyani? Muyezo wa IEEE 1547 unalembedwanso mwatsopano mu 2018, ndipo maiko ena ali ndi yawo yofanana nawo: VDE-AR-N 4105 ku Germany, G98 ndi G99 ku Britain, AS/NZS 4777.2 ku Australia ndi New Zealand, NRS 097-2-1 ku South Africa. Maina ndi osiyana, koma mtima wake ndi umodzi: kamnyamata kaja kakula, kasenze nawo.

Choyamba, ipirire. Volteji ikatsika kwa kamphindi chifukwa nthambi yakhudza waya kutali, kapena ng'oma ikapatuka pang'ono, inveta ikhalebe pamzere kwa nthawi yoikika, kudikira kuti vutolo lidulidwe ndi zida zoyenera. Kupirira sikutanthauza kukakamira waya wakufa. Mzere ukafadi, muyezo wa IEEE umati inveta izindikire ndi kuleka pasanathe masekondi awiri. Ndibwereze, chifukwa pamenepa pali moyo wa munthu: denga likagwedezeka ipirire, mzere ukafa ichoke.

Chachiwiri, ichepetse pang'onopang'ono m'malo mochoka mwadzidzidzi. Ku Germany tsopano ng'oma ikapitirira 50.2 inveta imayamba kubweza dzanja, ndipo ng'oma ikamathamangirabe iyo imabwezabe, mpaka pa 51.5 m'pamene imachoka. Woyendetsa njinga pamtsetse amagwira buleki mofatsa. Akaigwira mwamphamvu nthawi imodzi amagwa chamutu.

Chachitatu, ithandize kusunga volteji. Mawaya athu anamangidwa kuti magetsi aziyenda njira imodzi, kuchokera ku thiransifoma kupita kunyumba, volteji ikutsika pang'ono m'njiramo. Sola ikachuluka, masana anthu ali kuntchito ndipo dzuwa lili paliwombo, magetsi amabwerera chakumbuyo ndipo volteji ya kumapeto kwa mzere imakwera. M'maiko ambiri a ma volt 230, malire ovomerezeka ndi kuyambira 207 kufika 253. Inveta yanzeru ili ndi njira ziwiri. Ina amati volt-var: imakoka kapena kukankha mtundu wa mphamvu wotchedwa reactive power, n'kutsitsa kapena kukweza volteji popanda kutaya magetsi ambiri a mwini nyumba. Imeneyo ikalephera, pali volt-watt: imachepetsa magetsi enieniwo. M'madera ambiri a ku Australia kuchepetsako kumayamba pa ma volt 253, ndipo pofika 260 inveta imangopereka gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yake.

Chachinayi, imve ndi kuyankha, kuti kampani ya magetsi izitha kuifunsa kuti ikupanga zingati ndi kuitumizira manambala atsopano patali. Pamenepa sindichedwapo, tipaonanso posachedwa.

Mfundo yachitatu, imene ndikupempha kuti muimvetsetse. Lamulo la papepala silitchera inveta, amatchera ndi munthu.

Taonani mmene zinayendera ku America. Muyezo unatuluka mu 2018. Koma muyezo wonena mmene inveta iyesedwere, IEEE 1547.1, unatuluka mu 2020, ndipo ndondomeko yopatsira ziphaso, UL 1741 SB, inakhazikika mu 2021. Zaka zitatu kuchokera pa kulemba kufika poti wogula angathe kuona chidindo pa bokosi n'kukhulupirira. Komanso muyezo wa IEEE si lamulo pawokha. Boma la dera lililonse liyenera kuulandira, kunena tsiku loyambira, ndi kusankha manambala, chifukwa muyezowo umapereka magulu: A kapena B pa nkhani ya volteji, I, II kapena III pa nkhani ya kupirira. Ndipo pali china chimene ambiri sachidziwa. Muyezowo umafuna kuti inveta ikhale ndi luso la volt-var, koma ngati kampani ya magetsi sinanene kanthu, lusolo limakhala lozimitsa. Nzeru zili m'bokosi, koma zili mtulo. Mungagule inveta yodula kwambiri, ya chidindo chilichonse, n'kumagwira ntchito ngati ya 2003.

California inachita zinthu mwadongosolo pa mbali iyi. Pansi pa lamulo lawo lotchedwa Rule 21 anaika tsiku, 8 Seputembala 2017, patatha chaka chathunthu ndondomeko yoyesera itatuluka, kuti opanga ndi ogulitsa akonzeke ndi kumaliza katundu wakale. Ali ndi mndandanda wa ma inveta ovomerezeka umene aliyense angauone. Mzinda wa Cape Town nawonso uli ndi mndandanda wotero. Mndandanda ndi chinthu chaching'ono, koma umapulumutsa mmisiri ku mikangano yambiri: kasitomala akabwera ndi bokosi lotchipa, mumangomuonetsa kuti dzina lake mulibe.

Koma phunziro limene limandikhudza kwambiri n'la ku Australia, dziko limene pafupifupi nyumba imodzi mwa zitatu zilizonse ili ndi sola padenga. Muyezo wawo watsopano unayamba kugwira ntchito pa 18 Disembala 2021. Ma inveta anayesedwa, ziphaso zinaperekedwa, zonse zinali m'malo mwake. Bungwe loyendetsa gridi yawo, AEMO, litafufuza, linapeza kuti mwa ma inveta oikidwa m'miyezi yoyambirira, otcheredwa molondola sanakwane ndi theka lomwe. Chinalakwika n'chiyani? Tsiku loyatsa inveta, pa kagalasi kake kapena pa foni pamabwera funso loti musankhe dziko ndi muyezo. Amisiri ambiri ankadina muyezo wakale wa 2015 umene anauzolowera, m'malo mwa watsopano, wolembedwa Australia A, B kapena C. Ntchito ya makomiti ya zaka zambiri inkathera pa chala cha munthu wotopa, waima pa makwerero dzuwa likulowa, akufuna kulandira ndalama zake azipita. Mankhwala ake ena anali osavuta: opanga ma inveta anachotsa muyezo wakale uja pa zosankha, ndipo zinthu zinayamba kuwongoka.

Chala chimenecho ndi chanu ndi changa. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ntchito anandiimbira foni tsiku lina kuti inveta imene anaika pa ofesi ina imazima tsiku lililonse cha m'ma 11 koloko, n'kudzuka yokha cha m'ma 2. Mwini ofesi anali atakwiya, akuti anamugulitsa chinthu chakufa. Mnyamatayo anati, "Bwana, ndipatseni pasiwedi ya oika ndikweze malire afike 270, isiye kuvuta." Ndinamukaniza, ndipo m'mawa mwake tinapita limodzi ndi mita. Pa bokosi la ma breaker volteji inali yabwinobwino, koma pa inveta penipeni inali kudutsa 253 dzuwa likakwera. Tinatsata waya. Inveta anaiika kuseri kwa nyumba, kutali, ndipo waya wake unali wowonda. Nditaugwira unali wofunda. Magetsi pokankhana kudutsa m'waya wowondawo, volteji inkakwera kumbali ya inveta. Inveta sinali yakufa, inkanena zoona. Tinasintha waya, tinayatsa volt-var, ndipo sinazimenso. Akanakweza malire aja, vuto likanabisala kufikira tsiku limene china chikanapsa. Mnyamatayo ndimamuyamikira chifukwa anafunsa asanadine, paja safunsa anadya phula.

Ndiye ndibwereze: lamulo la papepala silitchera inveta, amatchera ndi munthu. Ndipo ngati palibe wobwera pambuyo kudzaona kuti anatchera bwanji, lamulolo langokhala chokongoletsa shelefu.

Tsono luso lakumva ndi kuyankha lija limathandiza apa. Ku Hawaii, kumene chilumba chilichonse chili ndi gridi yakeyake yaing'ono, kampani ya Hawaiian Electric inafuna kuti ma inveta akale ayambe kupirira. Mu 2015 kampani yopanga ma inveta ya Enphase inasintha manambala a tima inveta pafupifupi 800,000 kudzera pa intaneti m'masiku ochepa chabe, popanda wokwera padenga. Yerekezani ndi Germany, kumene ntchito yofanana nayo inatenga zaka. Komabe ndinene maganizo anga poyera: khomo limene kampani imalowera patali, wakuba angalowerenso. Amene angathe kusintha ma inveta 800,000 angathenso kuwazimitsa. Choncho polemba lamulo pafunika kunena momveka kuti makiyi asunga ndani, ndipo aloledwa kuchita chiyani.

Mfundo yachinayi, ife kuno. Wina anganene kuti izi n'za maiko olemera, ife sola yathu yolowa mu gridi ikadali yochepa. Ine ndikuti ndiye nthawi yake ino. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiponso denga lathu n'laling'ono, osenza ake ndi ochepa. Kwa zaka zambiri gridi ya Malawi yakhala yodziimira payokha ngati chilumba, n'chifukwa chake mawaya a ma volt 400,000 ochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika ku Phombeya ku Balaka ali nkhani yaikulu. Tonse tikukumbuka mmene zinalili mu Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga Kapichira n'kutichotsera ma megawatt pafupifupi 130. Pa gridi yaing'ono chotere ng'oma imagwedezeka msanga, ndipo ma megawatt ochepa amene ku Ulaya sangawamve n'komwe, kuno angathe kuzimitsa mizinda. Sola yalowa kale: ku Salima kuli ma megawatt 60 kuyambira 2021, ku Golomoti kuli 20 pamodzi ndi mabatire ake. Ndipo inu mukudziwa kuposa ine kuchuluka kwa ma inveta a hybrid amene akukhomedwa pamakoma a m'nyumba, m'masitolo ndi m'maofesi mwezi ndi mwezi, ena ochokera ku Johannesburg, ena ku Dubai, ena ku China, aliwonse ndi manambala a dziko limene anawapangira.

Kwa akuluakulu a MERA, a ESCOM ndi a Malawi Bureau of Standards, pempho langa n'lakuti manambala a dziko lino akhale pa pepala limodzi, lofupika, loti mmisiri angalipinde m'thumba la ovolosi. Manambalawo asangokopedwa ku Germany. Mizere yathu ya kumidzi ndi yaitali, volteji imasinthasintha kwambiri, ndipo malire othina a ku Ulaya angachititse kuti inveta izizima tsiku lonse, amisiri n'kuyamba kuwaphwanya mwakabisira. Lamulo limene silingatsatike limaphunzitsa anthu kubisa. Yezani mizere yathu, funsani oika sola, kenako lembani.

Pali nkhani ina ya chilungamo imene sindingaisiye. Volteji imakwera kwambiri kumapeto kwa mzere. Ndiye kuti inveta imene imachepetsa magetsi kawirikawiri ndi ya munthu wokhala kutali ndi thiransifoma, pomwe mnzake wapafupi, amene anagula zida zomwezo pa mtengo womwewo, sataya kanthu. Wakutaliyo sanalakwe. Ku South Australia anayesa njira ina: wolumikiza watsopano amasankha kutumiza ku gridi ma kilowatt 1.5 osasintha, kapena kulola kuti kampani izimusinthira malire patali, mpaka ma kilowatt 10 pamene mzere uli ndi malo. Sindikunena kuti titengere zomwezo. Ndikunena kuti mwini nyumba auzidwe zoona asanalipire, ndipo ngati vuto ndi thiransifoma yaing'ono kapena tap yake yotcheredwa mokweza, kampani ikonze mbali yake, isasenzetse inveta katundu yense.

Kwa inu amisiri, musachoke pa ntchito musanachite zinthu izi. Yezani volteji pa inveta penipeni masana, osati m'mawa mokha. Zimitsani main switch dzuwa likuwala muone ndi maso kuti palibe chikutuluka kupita kumsewu. Jambulani kagalasi koonetsa manambala amene mwatchera, chithunzi china mupatse mwini nyumba, china musunge. Pasiwedi ya oika musaipereke kwa kasitomala, ngakhale akuchondererani bwanji.

Wapampando, nthawi imene munandipatsa yatha. Inveta ili patebuloyi ndinaigula m'sitolo sabata yatha ndipo sindinaisinthe kanthu. Ndikupempha achinyamata awiri abwere kutsogolo kuno, mmodzi agwire mita, wina atsegule settings, atiwerengere mokweza dziko limene yatcheredwa ndi volteji imene imazimira.